Khwangwala ndi Kansalu Kofiira

Padangokhala Khwangwala ndi Njiwa, paphiri lina la mphepo.

Kudabwera anthu odzaimika makina opanga magetsi ndi mphepo. Polambula msewu, adamanga tinsalu tofiira pamitengo yoti idulidwe, koma yokhala ndi zisa adaisiya.

Khwangwala zidamuwawa. "Mitengo yachabechabe yatchena, wanga uli mbulanda?"

"Achimwene, aona chisa chanu. Akukusungirani nyumba," adatero Njiwa.

"Nsanje, achemwali! Inu mudazolowera kutuwa."

Khwangwala adakaba kansalu kamodzi n'kudzakamanga pamtengo wake. Odula mitengo atafika, adangotsata kansaluko. Mtengo uja pansi khu!

Njiwa adasendera panthambi yake, kumupatsa malo. Khwangwala adatera, kansalu kali kuphazi.

"Zikomo, achemwali. Koma pano m'posatchena. Kansaluka ndikamange pati?"

Njiwa adakalanda n'kukakhalira. Nthano yathera panthambi pomwepo, Njiwa asanadzuke.