Mzere wa Pensulo pa Mlombwa

"Lamba wa machekayu ayi, Staford. Mano ake ndi aang'ono, awotcha thabwa."

"Amayi, uyu ndi wachitatu kumukana! Wotambalala uja mwati ngobuntha. Ukalipentala mwauyamba liti?"

Staford ankafuna kung'amba mlombwa womwe bambo ake anasiya m'shedi, kuti amupangire bwenzi lake Netsai wa ku Musana bedi la ukwati. Amayi akewo anasisita mzere wa pensulo pathabwapo. Bambowo anaujambula m'mawa womwe analowa mumgodi osatulukanso. Zaka zisanu zinali zitadutsa, koma mzerewo unali wakuda ngati wadzulo.

"Lamba aliyense adya mzerewu, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Bedi ukagule ku Bindura. Thabwali lisiye, bambo ako adzalimalize okha."