Chiliza cha a Dzoole

Chiletsereni ziliza za simenti, banja lililonse limaumba chiliza pa kompyuta, ndipo pochiumba limaloledwa kugwiritsa ntchito tizidutswa ta makona atatu zikwi zisanu tokha. Nachanza anasankha kuumba galimoto imene malemu amuna ake, a Dzoole, ankanyamulira matimati. Analumikiza matayala, magalasi ndi nyale, mpaka tizidutswa tinatsala makumi anayi.

"Alamu, totsalato muumbire nkhope ya achimwene," anatero mng'ono wa malemu. "Anthu akaone galimoto basi?"

Nachanza anangokoka mizere ya chitseko cha kumanzere n'kuchipindira m'kati, pamalo pomwe a Dzoole anagunditsa pa mtengo wa mango tsiku lomwe anamuona koyamba, maso ali pa iye, msewu ataiwala.

"Nkhope yawo ndi imeneyi," anatero.