Mtsuko wa Kuseri kwa Chitseko

Dokotala Urrutia anathira palafini mumtsuko waukulu wa pabwalo, ndipo madzi amvula a mwezi wathunthu anayamba kununkha.

"Mwandiphera madzi, adokotala a udzudzu inu!" anatero Eulalia. "Madzi okhala ndi timphutsi ndiye abwino. Mzinda wonse wa Havana ukudziwa."

"Timphutsito timasanduka udzudzu, mayi, ndipo udzudzuwo ndi umene unawapatsa chikasu malemu amuna anu. Pali mtsuko wina?"

Eulalia anali atatentha kale matilesi ndi malaya onse amene malemuwo anasanzira zakuda. Kwa iye, matenda anapita ndi utsi.

"Palibe."

Dokotala anatola chipewa chake, n'kupita khomo lina.

Eulalia analowa kuchipinda n'kuvundukula kamtsuko kamene anabisa kuseri kwa chitseko kuti mwana wake Amparo azimwa madzi okoma. Timphutsi tinali tochepa kusiyana ndi dzulo. Pamwamba pamadzi pankayandama timakoko ta timphutsi topanda kanthu.

"Amama, tabwerani mudzaone," anaitana Amparo ali pabedi, akuseka. "Miyendo yake yamizeremizere, ngati wavala masokosi!"

Mwanayo anatambasula pang'onopang'ono mkono umene udzudzu unaterapo, kuopa kuti mlendo wakeyo angathawe asanakhute.