Buluu wa Diresi la Amayi

"Iwe Boaz, shopu akutseka! Tigule nsalu ya buluu kapena ya girini?" Dailes, mlongo wake wamkulu, anakuwa pafoni.

"Dikirani pang'ono, asisi."

Banja lonse linali litagwirizana kuti pa mwambo wovundukula chiliza ku Kasenengwa livale mtundu wa diresi limene malemu amayi awo ankalikonda. Azakhali ankati linali la girini. Boaz anakana kwamtuwagalu. Iye ndi amene anasiya koleji kuti adwazike mayiwo, ndiye ndani angamuuze za amayi ake? Linali la buluu basi.

Diresilo linatha kalekale. Chimene chinatsala ndi chithunzi chimodzi chofwifwa, ndipo aliyense ankaonapo mtundu umene akufuna.

Boaz anatsegula laputopu n'kulemba mizere ingapo yolamula kompyuta kuti iwerenge kadontho kamodzi pa diresi la pachithunzicho. Kompyuta imasunga mtundu uliwonse m'manambala atatu: ya kufiira, ya girini ndi ya buluu. Iye maso anali pa yachitatuyo.

Girini inatuluka 140, buluu 61 yokha.

Anayesa paphewa, anayesa pachifuwa, koma nambala ya buluu sinakwere.

"Boaz! Kompyuta yakoyo yati chiyani?"

Anatsinzina kuti awaonenso amayi ake. Anabweradi m'maso mwake, atagona chammbali, buluu uja atawakuta mpaka m'khosi. Silinali diresi ayi. Linali bulangeti la kuchipatala.

"Gulani ya girini, asisi," anatero chapansipansi, n'kutseka laputopu.