Mphunzitsi wa Wodi ya Othyoka Msana

"Musamukoke mkono, dona! Mumupha!"

Nesi Dolika Mbewe anathamangira pa bedi la a Whiteson, amene anathyoka msana atagwa pa lole ya fodya ku Madzimoyo. Sisitala Hayes, mzungu yemwe anali atangofika ku Fort Jameson, anausiya mkonowo. Ataona chilonda cha pathako chikuchucha mafinya, anatseka mphuno ndi kampango n'kubwerera chammbuyo.

"Nthiti zanga, amayi," anabuula a Whiteson.

"Pepani bambo, ndafika."

Dolika anaitana manesi anzake awiri. Atatuwo anawagwira a Whiteson mutu, chiuno ndi miyendo, n'kuwatembenuza thupi lonse pamodzi ngati chipika. Dolika akutsuka chilondacho, chimene chinamunyansa si fungo, koma kampango kaja. Iye anali atasamalira othyoka msana zaka zisanu ndi zinayi. Atapempha ntchito yophunzitsa manesi za odwala amenewa, anamuuza kuti mpandowo si wa munthu wakuda. Anaupereka kwa dona ameneyu.

Masana metroni, mkulu wa manesi, anamuitanira Dolika ku ofesi.

"Dolika, sabata ino umuonetse Sisitala zonse. Katembenuzidwe, katsukidwe ka zilonda, kaikidwe ka mapilo. Osasiyapo kanthu."

"Ine ndiphunzitse aphunzitsi, mayi?"

"Inde. Lolemba akuyamba kalasi yake." Metroni anamwetulira, n'kumukankhira pepala. "Usadandaule, sindinakuiwale. Pa ophunzira ake onse, dzina lako ndalilemba loyamba."