Chinyontho Kuseri kwa Tenti

Kuseri kwa tenti yanga dothi linali litanyowa, malo aakulu ngati mbale.

Mkulu wa gulu lathu lofufuza, mayi Hinewai, anayang'ana dothilo, kenako anayang'ana ine. M'chigwa chozizira chino cha ku Antarctica mvula siigwa, ndipo sitiloledwa kutaya kanthu pansi. Ngakhale mkodzo timasunga m'mabotolo kuti helikopita idzanyamule. Wophwanya lamulo imamunyamulira limodzi.

"Anselm, botolo lako lili kuti?"

"Lili m'tenti, mayi, lodzaza bwinobwino. Ndikatenge?"

"Iyayi, ndangodya kumene."

Anagwada, navula gulovu, nakhudza dothilo. Chalacho anachinunkhiza, kenako anachinyambita.

"Mchere," anatero, akutembenukira kunyanja kumene kamphepo kachinyezi kankachokera. "Mchere wa m'dothimu ukukoka madzi mumpweya. Zaka zisanu ndakhala ndikudikira kudzionera ndekha."

Tinakhala pamiyala. Patsogolo pathu, pomwe sipanapondedwe ndi aliyense, dothi linayamba kuda pang'onopang'ono ndi chinyontho.

"Nanga ukanakhala kuti si mchere?" ndinafunsa.

"Bwenzi iwe ukulongedza katundu, ine ndikutsuka m'kamwa mwanga."