Foni Yofewetsa Mawu

Masiku ano foni iliyonse m'mudzi muno ili ndi kapulogalamu kosachotseka kofewetsa mawu. Ukalemba zaukali, uthenga umafika utatsukidwa.

Lachiwiri Felesiya anabwera kwa amayi ake, a Nasimango, diso litatupa. Iwo analembera mwamuna wake, Lameki, pagulu la abale la pafoni: “Apongozi, mukadzamenyanso mwana wanga mudzandidziwa.”

Pagulupo panatuluka kuti: “Apongozi, zikomo posamala mwana wathu.”

Lameki anayankha ndi kachithunzi ka mtima.

“Amayi, ingosiyani,” anatero Felesiya. “Tonse tinazolowera.”

A Nasimango anaponya foni m'dengu, namanga chitenje m'chiuno. Zaka zisanu ndi zitatu anali asanamuyang'anepo mkamwiniyo m'maso, potsata mwambo.

“Lero ndikamuyang'ana,” anatero. “M'kamwa mwanga sanaikemo pulogalamu.”